Mnyamata wa kwa Wimbe amene anaika mphepo pa goli

Awa ndi mawu amene analankhulidwa kwa mamembala a makalabu a achinyamata a m'dera la Mfumu Njombwa ku Kasungu, atangomaliza kuonera limodzi kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind. Tawalemba pano kuti makalabu amene sanabwere nawo awerenge ndi kukambirana.

Achinyamata anzanga, mwachokera m'midzi yosiyanasiyana ya kwa Njombwa kuno. Ena mwapalasa njinga kuchokera kutali, ena mwasiya ntchito pa chigafa, ena mwachita kupempha kwa makolo kuti akuloleni. 

Kanema ali mkati ine sindimayang'ana kwambiri pa chinsalupo, chifukwa ndinamuonera kale kangapo. Ndimayang'ana inuyo. Ndinakuonani mukuseka pamene azisudzo akunja aja amalimbana ndi Chichewa. Ndinaona holo yonse ili zii pamene mnyamata uja anapeza galu wake atafa. Anyamata ena kumbuyoko amanamizira kuti m'maso mwalowa fumbi, eti? Ndipo madzi atayamba kutuluka mu paipi munaimba m'manja ngati timu yanu yachinya chigoli. Ndiye tisanabalalike ndati tikambirane pang'ono zimene taonazi, kuti tisangoti kanema anali bho basi n'kumapita.

Kanemayu anachokera kuti?

Poyamba panali buku. Linatuluka mu 2009, ndipo analemba ndi William Kamkwamba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America dzina lake Bryan Mealer. Mutu wake ndi womwewo wa kanemayu, ndipo m'chiyankhulo chathu tingati mnyamata amene anaika mphepo pa goli, monga timachitira ndi ng'ombe za pangolo. Bukuli si nthano yopeka. Ndi mbiri ya William mwini wake kuyambira ali mwana. Anthu analikonda kwambiri moti mu 2012 anatulutsa lina la zithunzi la ana aang'ono, ndipo mu 2015 anatulutsanso lina lolembedwa mosavuta kuti achinyamata a msinkhu wanu aziwerenga. M'masukulu ambiri a kunja ana amaphunzira za Kasungu kudzera m'buku limeneli.

Mmodzi mwa anthu amene anawerenga bukuli ndi Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake ndi a ku Nigeria. Iyeyu ndi amene mwamuona akusewera ngati bambo ake a William. Ndi yemwenso analemba sewerolo ndi kulitsogolera, ndipo aka kanali koyamba kuti atsogolere kanema wamkulu. Anakana zokajambulira ku dziko lina. Anabwera ku Kasungu kuno, kwa Wimbe komweko. N'chifukwa chake dothi, misewu, mayunifolomu ndi Gule Wamkulu mwazizindikira msanga. Amene wasewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal koma wokulira ku France. Mlongo wake Annie ndi Lily Banda, Mmalawi mnzathu. Kanemayu anaonetsedwa koyamba ku chikondwerero cha makanema cha Sundance ku America mu Januwale 2019, ndipo pa 1 Malichi chaka chomwecho anayamba kuoneka pa Netflix m'maiko ambiri.

Za Chichewa chawo chija, sekani ndithu, inenso ndinaseka. Amalawi ambiri anadandaula kuti mawu ena sakumveka bwino. Koma taganizani kuti munthu wa ku London anakhala pansi kuphunzira chiyankhulo chathu, pamene ena mwa ife tikangogona masiku atatu ku Lilongwe timabwerako titaiwala kupereka moni kwa agogo.

William ndi mnzathu wa boma lino

William Kamkwamba anabadwa pa 5 Ogasiti 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, kum'mawa kwa boma la Kasungu, chakufupi ndi Mtunthama. M'banja la ana asanu ndi awiri mwamuna anali yekha. Makolo ake anali alimi a chimanga ndi fodya ngati makolo athu omwewa. Nyumba yawo inalibe magetsi. Dzuwa likalowa amayatsa koloboyi, palafini akatha amagona. Ali mwana amakonda kumasula mawailesi akufa kuti aone chimene chimayankhula mkatimo, mpaka anayamba kukonzera anthu mawailesi pamodzi ndi msuweni wake Geoffrey.

Atakhoza mayeso a Sitandade 8 anayamba Fomu 1 pa sekondale ya Kachokolo. Sanapite nayo patali. Fizi inali pafupifupi madola 80 a ku America pa chaka, ndipo njala inali itavuta moti bambo ake sakanatha kulipira. Anayesa kumalowa m'kalasi mozemba koma anamugwira n'kumubweza. Anali ndi zaka 14.

Ndifunse, ndipo musachite manyazi: ndi angati muno amene munasiyapo sukulu, kaya teremu imodzi kaya mpaka lero? Taonani manjawo. Ndiye nkhaniyi ndi yathu. Ululu woona anzako atavala yunifolomu akudutsa pa msewu iwe uli ndi khasu m'manja ambiri muno mukuudziwa.

Njala ya 2002

Ambiri mwa inu munali musanabadwe, koma mukafunse makolo anu usiku uno. Mu 2001 mvula inagwa yambiri m'madera ena, madzi anadikha m'minda, ndipo zokolola zinachepa. Chimanga chimene boma limasunga m'nkhokwe zake kuti chidzathandize pa nthawi ngati imeneyi chinali chitagulitsidwa chambiri. Pofika Disembala mtengo wa chimanga unali utakwera koopsa. Anthu amagona pa mizere ku ADMARC, amadya gaga, mizu ndi nthochi zosakhwima. Ena anagulitsa mbuzi, njinga, ngakhale malata a nyumba pa mtengo wozizira. Mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Kasungu ndi limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri, ndipo anthu anafa.

Mwaona m'kanemamu banja likukhala pansi kusankha kuti pa tsiku lizidya kamodzi. Mwaona anthu akulimbirana chimanga, ndi mfumu ikumenyedwa chifukwa cholankhula za njala pa msonkhano wa ndale. Mwaonanso anthu anjala akulowa m'nyumba ya eni ake kutenga chakudya. Amene anachita zija sanabadwe ali akuba. Njala imasintha munthu, ndipo kanemayu sanabise zimenezo.

Tisaganize kuti izi ndi mbiri yakale. Mu Malichi 2024 boma linalengezanso za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ndiye funso limene William anadzifunsa, loti tingatani kuti tisamadalire mvula yokha, likadali pakhomo pathu.

Laibulale yaing'ono ndi dzala la zitsulo

Atasiya sukulu William akanatha kumangokhala pa sitolo kusewera bawo. Iye anaopa kuti anzake amusiya m'mbuyo, ndiye anayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa pulaimale ya Wimbe. Mabuku ake anali ochepa, ambiri ochokera ku America. Chingerezi chake chinali chopelewera, choncho amayang'anitsitsa zithunzi ndi zojambula, n'kumafunsa mayi woyang'anira laibulaleyo tanthauzo la mawu ovuta. Paja safunsa anadya phula. Tsiku lina anapeza buku lotchedwa Using Energy. Pachikuto pake panali chithunzi cha makina ataliatali a mapiko ozungulira ndi mphepo. Atamva kuti makinawa amapanga magetsi ndi kupopa madzi, mutu wake unaima pomwepo.

Ndalama zogulira zipangizo analibe. Pafupi ndi sukulu imene inamubweza ija panali dzala la zitsulo za esiteti yakale ya fodya. Kumeneko ndi kumene amakhalira tsiku lonse kutola fani ya thirakitala, shoko ya galimoto, mabawuti ndi mawaya. Anakumba mapaipi a pulasitiki, kuwawamba pa moto, kuwaphwathalalitsa ndi kuwadula kuti akhale mapiko. Anadula mitengo ya bulugamu n'kumanga nsanja yotalika pafupifupi mamita asanu.

Mnyamata wina wandifunsa panja kuti kodi magetsiwo amachokera pati penipeni. Tiyeni ndifotokoze mwachidule. Nonse mukuidziwa dainamo ya njinga, kabotolo kachitsulo kaja kamene kamakhudza tayala. Mkati mwake muli maginito ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Tayala likamazungulira limazunguza kamutu ka dainamo, maginito amazungulira pafupi ndi waya uja, ndipo m'wayamo mumayamba kuyenda magetsi. N'chifukwa chake ukapalasa mwamphamvu nyali imawala kwambiri, ukaima imazima. William anaganiza kuti m'malo mwa miyendo ya munthu, mphepo ndi imene izipalasa. Mphepo imakankha mapiko, mapiko amazunguza chitsulo cholumikizidwa ku tcheni cha njinga, tcheni chimazunguza tayala, tayala limazunguza dainamo. Nzeru yonse ndi imeneyo. Pambuyo pake anaikapo batire ya galimoto kuti magetsi azisungika mphepo ikaleka. Maswitchi anapanga ndi zidutswa za paipi ndi mphira wa patapata. Anapanganso kachipangizo ka misomali ndi maginito kodula magetsi mawaya akagundana, kuti denga la udzu lisapse.

Mu 2002 makinawo anayatsa babu. Kenako anayatsa mababu anayi ndi mawailesi awiri, ndipo anthu anayamba kubwera kudzatchaja mafoni. Omwewo amene amati mwanayu wapenga, ena amati akusuta chamba, ndi amene anali patsogolo pa mzere.

Zimene kanema wasintha

Pano mumvetsere bwino, chifukwa kuonera kanema kumafuna nzeru. Buku lili ndi masamba ambiri ndipo limafotokoza zaka zambiri, pamene kanema ali ndi maola awiri okha. Ndiye opanga kanema amadula zina, amaphatikiza zina, amasuntha zina kuti nkhani ikome.

M'kanemamu makina a William akupopa madzi pa chitsime njala ili pakati, anthu n'kudzala mbewu m'chilimwe, mudzi n'kupulumuka. M'moyo weniweni sizinayende choncho. Makina oyamba anamangidwa njala yoopsa ija itadutsa, ndipo ntchito yake inali kuyatsa magetsi m'nyumba. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, pambuyo pa 2007, William atapeza anthu omuthandiza ndi ndalama ndi zipangizo. M'kanemamu laibulale ili pa sekondale ndipo William akuopseza mphunzitsi kuti amulole kulowamo, pamene laibulale yeniyeni inali pa pulaimale ndipo amangopita ngati wina aliyense. M'kanemamu dainamo ikuchokera kwa mphunzitsi kudzera mwa Annie, pamene m'buku amene anamugulira dainamo ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, ndi ndalama za m'thumba mwake.

Kodi ndiye kuti kanemayu ndi wabodza? Ayi. Njala inalipo, fizi inasowadi, makina anamangidwadi. Koma ndikufuna mudziwe kusiyanaku pa chifukwa chimodzi. Mukatenga za m'kanema zokha mudzaganiza kuti munthu ukakhala ndi nzeru zinthu zimasintha mwezi womwewo. Ndiye mukadzayesa kanthu kanu n'kuona kuti chaka chatha osaphula kanthu, mudzagwa ulesi. William anakhala pakhomo pafupifupi zaka zisanu asanabwerere m'kalasi. Makina ake anali akuzungulira, koma iye anali akulimabe ndi bambo ake, osadziwa ngati adzaonanso sukulu. Zaka zimenezo kanema sanazionetse, koma ndi zimene ambiri muno mukudutsamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo phunziro lomweli mulitenge mukamaonera makanema ena ku vidiyo shoo kapena pa foni. Muzidzifunsa kuti apa adula chiyani, nanga akufuna ndikhulupirire chiyani.

Nanga Annie?

Atsikana, ndabwera kwa inu, koma anyamata musatseke makutu. Aliyense akatuluka m'kanemayu amakamba za William. Ine ndikufuna tikambe za mlongo wake monga tamuonera m'seweromu. Annie ndi wanzeru. Wamaliza sekondale ndipo akulakalaka kupita ku yunivesite. Mayi ake akumulimbikitsa kuti asathamangire banja. Koma njala itafika, chakudya chitabedwa, Annie akuona kuti akachoka pakhomo pachepa kamwa imodzi. Akuthawa ndi mphunzitsi uja usiku, osatsanzika.

Tisamuweruze msanga. Tifunse kuti njala itafika pakhomo paja, ndani anataya zambiri? William anataya zaka za sukulu koma anadzazipeza. Annie wa m'kanemayu anasiya maloto ake, ndipo sitikuonanso akuwatola. M'midzi mwathu muno zimatero kawirikawiri. Zinthu zikathina, woyamba kusiya sukulu amakhala mtsikana. Amene ali ndi kandalama, kaya ndi wogula fodya, kaya wa sitolo, kaya wa kabaza wa njinga yamoto, amayamba kuoneka ngati mpulumutsi. Ndipo nthawi zina makolo amayang'ana kumbali chifukwa thumba la chimanga lalowa m'nyumba.

Mudziwe kuti malamulo ali kumbali yanu. Kuyambira mu 2015 lamulo la maukwati limati munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezi. Kuyambira mu 1993 pali ndondomeko yolola mtsikana amene anachembeza kubwerera ku sukulu. Ndipo mphunzitsi saloledwa kukhala pa chibwenzi ndi mwana wa sukulu. Mwaona m'kanemamu William akudziwa chinsinsi cha mphunzitsi ndi mlongo wake, n'kuchigwiritsa ntchito kuti apeze zofuna zake. Tonse tinaseka kuchenjera kwake. Koma anyamata, mukadziwa kuti munthu wamkulu akuzungulira mlongo wanu amene ali pa sukulu, musasandutse nkhaniyo msika woti muzilandirapo ya sopo. Kauzeni a matironi, amayi a gulu loyang'anira atsikana pa sukulu, kapena a mfumu.

Njinga ya bambo

Malo amene ine amandikhudza kwambiri ndi pamene William akupempha njinga ya bambo ake kuti aidule. Bambo akupsa mtima, akuphwanya kamakina kake koyesera, akumutuma kumunda. Ndinamva ena mukung'ung'udza kuti mdala ameneyu ndi wovuta. Koma taganizani. Munda walephera, nkhokwe ili mbee, mwana wamkazi wapita. Chatsala ndi njinga yokha, imene angapitire nayo kukasaka ganyu kapena kutengera wodwala ku chipatala. Ndiye mwana wa zaka 14 akuti tiicheke ndi sowo chifukwa cha chithunzi cha m'buku. Inu mukanavomera?

Makolo athu ambiri akamakana maganizo athu, nthawi zambiri ndi mantha. Anaonapo zinthu zikulephereka ndipo amadziwa kuti akalakwitsa kamodzi banja lonse ligona ndi njala. Onani mmene nkhaniyi inathera. William anayamba ndi kamakina kakang'ono koimbitsa wailesi, kuti anthu aone ndi maso. Anyamata anzake atafuna kulanda njingayo mwamphamvu, iye sanalimbane ndi bambo ake mpaka mapeto. Ndipo amene anafewetsa mtima wa bambo ndi mayi. Ndiye ngati muli ndi ganizo, kaya ndi dimba la tomato, kaya kuweta nkhuku kapena akalulu, kaya kubwerera ku sukulu, yambani ndi kochepa koti makolo aone. Pezani wamkulu amene amakumvetsani, kaya ndi amalume kaya azakhali, akuyankhulireni. Kukula si kugonjetsa bambo ako pa mkangano. M'kanemamu William wakula tsiku limene bambo ake anagwira naye ntchito limodzi.

Sanali yekha

Chikuto cha buku chili ndi dzina la mnyamata mmodzi, koma tawerengani anthu amene anagwirapo. Geoffrey anathandiza kumanga. Gilbert anatulutsa ndalama. Mayi wa ku laibulale anamulola kubwereka mabuku mobwerezabwereza. Mu 2006 Dr. Hartford Mchazime, amene amagwira ntchito ndi bungwe limene linakhazikitsa laibulale ija, anamva za makinawo, anapita kukaona, n'kubweretsa atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhaniyo mu Novembala chaka chomwecho. Kuchokera apo inafalikira pa intaneti, ndipo mu Juni 2007 William anaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Kanali koyamba kukwera ndege. Anaima pamaso pa anthu akuluakulu ndi Chingerezi chake chodukaduka, akunjenjemera, n'kufotokoza zimene anapanga. Anthu amene anamumvera anasonkha ndalama zoti aphunzire.

Anabwerera ku sekondale ali ndi zaka pafupifupi 20, kukhala m'kalasi ndi ana aang'ono kwa iye. Mu 2008 anapita ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo mu 2014 anamaliza digiri yake ku Dartmouth College ku America. Bungwe la Moving Windmills, limene linayamba mu 2008, lathandiza pa ntchito za madzi, magetsi a dzuwa ndi kumanga makalasi kwa Wimbe.

Mutu umodzi susenza denga. Mwina muno mulibe William, mwina alimo. Koma aliyense wa inu angathe kukhala Gilbert. Pa kalabu panu pali mnzanu amene amakonda kumasula mafoni, wina amasoka, wina amajambula, wina amalemba masewero. Kodi mumamulimbikitsa, kapena ndinu oyamba kumutcha wamisala? Ine ndikuvomera kuti ndili pa sukulu panali mnyamata wina amene amapanga magalimoto a mawaya okhala ndi nyali zoyaka. Timamuseka kuti ndi mwana. Anasiya, ndipo ine ndinali mmodzi mwa omusekawo. Mpaka lero zimandiwawa.

Mitengo ndi fodya

Chinthu china chimene tisachilumphe, poti tili m'dera la fodya. Kumayambiriro kwa kanemayu anthu a esiteti akubwera kudzagula mitengo ya m'mudzi kuti akaumitsire fodya. Mfumu ikuchenjeza kuti mitengoyo ndi imene imatchinga madzi, koma anthu akusaina chifukwa akufuna ndalama ya lero. Mvula itabwera madzi akusefukira m'minda.

Sindikunyoza fodya. Ambiri muno fizi, malata ndi njinga zinachokera ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Koma tonse tikudziwa mitengo imene imapita ku zigafa chaka ndi chaka, ndi nkhuni zimene mabalani amadya. Funsani agogo anu kuti nkhalango inkafika pati iwo ali ana, muyerekeze ndi lero. Dothi lopanda mitengo silisunga madzi: mvula ikagwa imakokolola, ikadula kumauma msanga, zitsime n'kuphwa. Kalabu iliyonse ingathe kukhala ndi nazale. Machubu, njere za mtangatanga, msangu kapena kesha, ndi madzi a m'chitini basi. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango alipo, kawafunseni.

Ndiye tichite chiyani?

Sindikunena kuti mawa aliyense akadule njinga ya bambo ake, mungandipalamulitse kwa a mfumu. Ndipo magetsi si masewera. Amene mukufuna kuyesa, yesani ndi dainamo, mabatire a tochi ndi timababu ting'onoting'ono. Mawaya a ESCOM ndi matransifoma musayandikire n'komwe, amapha. Masiku ano ma sola ang'onoang'ono ali ponseponse m'misika, ndipo akawonongeka anthu amangotaya. Mnyamata kapena mtsikana amene angaphunzire kuwakonza sangasowe ya mchere.

Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, kalabu iliyonse ipite kwa ahedi a sukulu yapafupi kukafunsa ngati pali mabuku amene akungodyedwa ndi chiswe mu kabati, ndi kupempha kuti achinyamata amene sali pa sukulu azibwereka nawo. Mukhale ndi kope lolembamo wobwereka, ndipo mabuku azibwezedwa. Chachiwiri, lembani maina a anzanu a m'mudzi mwanu amene asiya sukulu chaka chino, anyamata ndi atsikana omwe, muwayendere awiriawiri. Musapite kukawalalikira. Kamveni chimene chinavuta, kaya ndi yunifolomu, makope, mtunda, ganyu kapena mimba, ndipo mubwere nazo ku kalabu tione pamodzi pogwira. Chachitatu, amene munasiya sukulu ndipo mukuti mwakula, kumbukirani msinkhu umene William anabwererera. Manyazi a teremu imodzi ndi ochepa poyerekeza ndi moyo wonse.

Sindikulonjezani kuti mudzakwera ndege kapena kuti adzakujambulani kanema. Achinyamata aluso m'dziko muno ndi ambiri ndipo atolankhani safika kwa onse. William naye pomanga makina ake samadziwa za Arusha kapena za Netflix. Amafuna kuwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi, ndiponso kuti kwawo asadzagonenso ndi njala. Zolinga zimenezo n'zokwanira kuyambira.

Mafunso okambirana pa kalabu

Mukakumana sabata ya mawa, gawanani m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, anyamata ndi atsikana mosakaniza, mukambirane mafunso awa. Mlembi alembe mayankho.

1. Kodi Annie akanatha kuchita chiyani china? Ndani m'banjamo kapena m'mudzimo akanamuthandiza?
2. Mukanakhala bambo ake a William, mukanapereka njinga? Fotokozani chifukwa chake.
3. Kodi William anachita bwino kugwiritsa ntchito chinsinsi cha mphunzitsi kuti alowe mu laibulale?
4. Ndi vuto liti m'mudzi mwanu limene kalabu ingayambe kulimbana nalo ndi zinthu zimene zilipo kale?
5. Funsani munthu wamkulu mmodzi mmene anapulumukira njala ya 2002. Ngati avomera, pangani sewero lalifupi kuchokera pa zimene wakuuzani, osatchula dzina lake.

Gulu limene likonze sewero labwino lidzationetse tikadzakumananso.  Achinyamata anzanga, dzuwa lapendeka, ndiye amene mukupita kutali nyamukani m'magulu, ndipo anyamata muwaperekeze alongo anu mpaka pakhomo. Muyende bwino.